Mwana wanga amaponya mpira wa baseball ndipo chigongono chayamba kumuwawa

Mayi wina watilembera kuchokera ku America:

"Zikomo adokotala. Ndine mayi wa ana atatu, tikukhala ku Indiana chaka cha 9 tsopano. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 13 ndipo baseball inamulowa m'magazi. Iyeyo ndi woponya mpira, amene kuno amati pitcher. Amasewera matimu awiri, ina ya m'dera lathu, ina yoyendayenda imene timalipira ndalama zambiri, ndipo nthawi yozizira amakaphunzira kuponya m'holo. Kwa masabata atatu tsopano akudandaula chigongono, mbali yamkati. Dzana ndatulukira kuti wakhala akumwa ibuprofen mobisa asanapite ku gemu. Kochi wake akuti ndi ululu wa kukula chabe. Kholo lina landiuza kuti ndisade nkhawa chifukwa kuli opaleshoni yotchedwa Tommy John imene imachititsa munthu kuponya mwamphamvu kuposa kale. Bambo ake akungoseka, akuti iwo ankagenda mango tsiku lonse ku Ntcheu koma mkono sunathyoke. Ine masewerawa sindiwadziwa. Kodi pali kafukufuku weniweni pa zimenezi, kapena aliyense akungolankhula za m'mutu mwake? Masabata awiri akubwerawa kuli mpikisano, ndipo tikuyembekeza kuti mpirawu udzamupezera sikolashipu."

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mwa ana a msinkhu umenewu amene ndawathandizapo pa ntchito yanga ya mafizo, ambiri amene amabwera ndi ululu ngati umenewu amachira bwinobwino popanda mpeni, bola vutolo ligwidwe msanga. Inuyo mwaligwira pa sabata yachitatu, ndipo mwachita bwino kufunsa. Koma ndisakubisireni: kuyambira lero mwanayo asaponyenso mpira, ngakhale wongoseweretsa kuseri kwa nyumba, kufikira dokotala atamuona. Mpikisano wa masabata awiri akubwerawo muuchotseretu m'maganizo. Mwafunsa ngati pali kafukufuku. Alipo wambiri, mwina kuposa wa masewera ena onse a ana, ndipo pa nkhani ya mwana wanuyi ofufuza sakutsutsana kwenikweni.

Tiyambe ndi zimene zimachitika mkono ukamaponya, chifukwa ambiri a ife tinakulira mpira wamiyendo, wa ntchemberembaye ndi fulaye. Mpira wa baseball ndi waung'ono, wolemera pafupifupi magalamu 145, koma woponya amaubweza kumbuyo kwambiri kenako n'kuukwapula kutsogolo ndi mphamvu ya thupi lonse. Akatswiri amene amajambula oponya ndi makamera othamanga anapeza kuti phewa la woponya wamkulu limazungulira madigiri pafupifupi 7,000 pa sekondi imodzi, ndipo ndi zochepa kwambiri zimene thupi la munthu limachita mwaliwiro lotere. Pa kanthawi kamene mkono uli kumbuyo n'kuyamba kubwera kutsogolo, chigongono chimakanuka: mbali yamkati imakokeka ngati mukufuna kuthyola nthambi, pomwe mbali yakunja mafupa amapanikizana. Chimene chimagwira mbali yamkatiyo ndi kamtsempha kakafupi kolumikiza mafupa awiri, kamene madokotala amakatchula mwachidule kuti UCL. Kwa woponya wamkulu, mphamvu imene kamtsemphaka kamalandira pa kuponya kulikonse imakhala pafupi ndi malire amene kangaduke. Minofu ya mkono ndi imene imakathandiza. Minofuyo ikatopa, katundu yense amatsalira kamtsempha.

Kwa mwana wa zaka 13 nkhani ndi yosiyanako. Gwirani kafupa kotuluka mkati mwa chigongono chanu, kaja kamachita dzanzi mukakagunditsa pa tebulo. Kwa mwana, kafupa kameneko sikanamatirire ku fupa lalikulu. Pakati pake pali fupa lanthete, pamene pamakulira mkono, ndipo nthawi zambiri pamadzakhwima cha m'ma zaka 15 kapena 16. Pamenepo ndi pofooka kuposa mtsempha. Ndiye mwana akaponya mobwerezabwereza, chimene chimayamba kugonja si mtsempha ayi, koma fupa lanthetelo: limatupa, limatanuka, ndipo nthawi zina kafupako kamazuka ndithu. Madokotala awiri, Brogdon ndi Crow, ndi amene anapatsa vutoli dzina lakuti Little League elbow mu 1960, kutengera dzina la ligi ya ana ya ku America. Sindinamuone mwana wanu, ndipo munthu sapimidwa pa kalata, koma zimene mwafotokozazi ndi zimene timayamba kuziganizira. Palinso china cha pa msinkhu umenewu: ana a zaka 12 amaponya pa mtunda wa mamita 14, koma akafika zaka 13 kapena 14 amasamukira pa bwalo la akuluakulu, pa mamita 18 ndi theka pafupifupi. Mtunda watalika, mwana akukakamiza, mafupa akutalika msanga kuposa mmene minofu ikulimbira. Ana ambiri amene ndimawaona amabwera chaka chimenechi.

Za akochi zoti ndi ululu wa kukula, pepani, sindikugwirizana nazo. Ululu wa kukula umakonda miyendo yonse iwiri, umabwera madzulo kapena usiku, ndipo m'mawa mwana amadzuka bwinobwino. Ululu wa malo amodzi, mkono umodzi, umene mwana angauloze ndi chala, umene umabwera akaponya, umenewo uli ndi mwini wake. Ndipo chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi ibuprofen wobisayo. Mankhwalawo sachiza fupa, amangotseka pakamwa mlonda. Komanso akutiuza kuti ululuwu mwina unayamba kale kuposa masabata atatu, chifukwa mwana safika pomwa mankhwala mobisa tsiku loyamba. Musamukalipire. Ana amabisa chifukwa choopa kutaya malo mu timu, komanso chifukwa amaona ndalama zimene makolo akuwononga.

Tsopano ku kafukufuku. Baseball ndi masewera a anthu okonda kuwerengera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, mtolankhani wina wobadwira ku England koma wogwira ntchito ku New York, Henry Chadwick, ankalemba m'nyuzipepala tebulo la zonse zochitika mu gemu, ndipo chizolowezi chimenecho sichinasiyike. Mu 1971 ku Cooperstown, tauni ya m'chigawo cha New York, kunakhazikitsidwa bungwe la ofufuza mbiri ndi ziwerengero za masewerawa lotchedwa Society for American Baseball Research, mwachidule SABR, ndipo Bill James anatenga dzina limeneli n'kupanga mawu akuti sabermetrics, kutanthauza kufufuza baseball kudzera m'ziwerengero. Lero kuli mayunivesite amene amaphunzitsa masamu a ziwerengero pogwiritsa ntchito baseball. Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zoposa 100 ankawerenga chilichonse kupatula chinthu chimene chimapha mkono, ndicho kuchuluka kwa mipira imene munthu waponya. Mu ligi yaikulu ya MLB chiwerengero chimenechi chinayamba kusungidwa mokhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kwa ana kunalibiretu amene ankawerenga.

Amene anasintha zinthu kwa ana ndi gulu la ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, pa American Sports Medicine Institute. Dokotala wa opaleshoni James Andrews anaona kuti ana a sekondale ayamba kuchuluka pa tebulo lake, pamene kale pankagona akatswiri olipidwa okha. Iye ndi katswiri wa kayendedwe ka thupi Glenn Fleisig anayamba kufufuza. Mu 2002 anafalitsa zimene anapeza atatsatira ana oponya a zaka 9 mpaka 14 kwa nyengo imodzi: mipira ikamachuluka pa gemu ndi pa nyengo, madandaulo a chigongono ndi phewa ankachulukanso. Mu 2006 anayerekeza achinyamata amene anachitidwa opaleshoni ndi anzawo amene sanavulale. Amene ankaponya m'mipikisano miyezi yoposa 8 pa chaka anali pa chiopsezo chochuluka kasanu. Amene ankadutsa mipira 80 pa gemu, pafupifupi kanayi. Amene ankaponya kawirikawiri mkono uli wotopa, ka 36.

Nambala ya 36 imeneyi imatchulidwa paliponse, ndipo ndikufuna muimve mwanzeru. Kafukufuku ameneyu ankafunsa anthu za m'mbuyo. Mnyamata amene wangotuluka mu opaleshoni amakumbukira kutopa kulikonse, pomwe mnzake wabwinobwino waiwala. Choncho nambalayo ingathe kukhala yokokomeza. Koma ngakhale mutaidula pakati, n'kuidulanso pakati, yotsalayo ndi yoopsabe. Ndipo gulu lomwelo linachita kafukufuku wina wovuta kumutsutsa: linatenga ana oponya 481 a zaka 9 mpaka 14 n'kuwatsatira chaka ndi chaka kwa zaka 10. Zotsatira zinatuluka mu 2011. Ana 5 mwa 100 alionse anavulala kwambiri, kutanthauza opaleshoni kapena kusiyiratu masewera. Amene anaponya ma inning oposa 100 m'chaka chimodzi anali pa chiopsezo chochuluka katatu ndi theka. Inning ndi chigawo cha gemu, ndipo gemu ya akuluakulu ili ndi zigawo 9. Onani mbali zonse ziwiri: 95 mwa 100 sanafike povulala motero, ndiye masewerawa si mdani. Koma amene anavulala sanasankhidwe ndi tsoka, chiopsezo chinali chachikulu kwa amene ankaponya mopitirira.

Chifukwa cha kafukufuku ameneyu, Little League inayamba kuwerenga mipira mu 2007, ndipo mu 2014 MLB pamodzi ndi USA Baseball, bungwe loyang'anira masewerawa ku America, anatulutsa malangizo otchedwa Pitch Smart. Kwa mwana wa zaka 13 kapena 14, malire ndi mipira 95 pa tsiku. Akaponya 66 kapena kuposerapo apume masiku 4, akaponya 51 mpaka 65 apume masiku 3, 36 mpaka 50 masiku 2, 21 mpaka 35 tsiku limodzi. Asadutse ma inning 100 pa miyezi 12, ndipo chaka chilichonse akhale miyezi 4 osaponya, iwiri kapena itatu mwa imeneyo ikhale yotsatizana. Malangizowo amanenanso kuti mwana asasewere matimu angapo nthawi imodzi. Apa ndi pamene pagona vuto lanu, Mayi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kochi wa timu ya m'dera angathe kutsatira lamulo bwinobwino Lachinayi, kochi wa timu yoyendayenda n'kutsatiranso lamulo Loweruka, aliyense buku lake lili loyera, koma mkono ndi umodzi ndipo sunapume. Onjezani maphunziro a m'holo nthawi ya chipale, ndiye kuti mwanayu alibe nyengo yopuma. Kale ana a m'zigawo zozizira monga Indiana ankatetezedwa ndi nyengo yomwe, chifukwa chipale chikagwa mpira unkaima. Maholo ofunda anachotsa chitetezo chimenecho.

Bambo a kunyumba ndiwayankhe mwaulemu, chifukwa nanenso ndinagendapo mango. Bambo, mango ali ndi nyengo yake. Amapsa miyezi iwiri kapena itatu, kenako mtengo umapuma, mkono nawo umapuma. Munkagenda kasanu, bango likagwa n'kukhala pansi kudya. Mkono ukatopa munkasiya, panalibe munthu wa kapu woima kumbali kukuuzani kuti mwatsala ndi 30. Ndipo simunkaponya mwala uliwonse ndi mphamvu zanu zonse pali makina oyeza liwiro. Mukayang'anitsitsa, moyo wanu wa ku Ntcheu unkatsatira malangizo a Pitch Smart asanalembedwe. Ku America nakonso kuli achikulire amene amati oponya akale anali amuna enieni. N'zoona kuti mu 1884 Old Hoss Radbourn anaponya ma inning oposa 670 m'nyengo imodzi. Koma timakumbukira amene anapulumuka, amene mikono inawathera ali anyamata anabwerera kwawo osalembedwa paliponse. Ngakhale Sandy Koufax, mmodzi mwa oponya apamwamba kwambiri m'mbiri, anasiya mu 1966 ali ndi zaka 30 zokha chifukwa chigongono chinali chitatha.

Ku Japan ndi kumene nkhani ya kupirira inafika patali. Mpikisano wa masukulu a sekondale wa ku Koshien umaonedwa ndi dziko lonse, ndipo mnyamata woponya mpaka mkono kulendewera amasanduka ngwazi. Mu 1998 Daisuke Matsuzaka anaponya mipira 250 mu gemu imodzi imene inatalika mpaka ma inning 17. Mu 2018 Kosei Yoshida anaponya 881 pa mpikisano umodzi. Anthu anaombera m'manja, koma madokotala ndi makolo anayamba kufunsa mafunso, mpaka akuluakulu a mpikisanowo anaika malire a mipira 500 pa sabata, amene kwa ine akadali ochuluka kwambiri. Komabe Japan yomweyo ili ndi chinthu chimene ndimachisirira: ku Tokushima madokotala akhala akupita kumabwalo kwa zaka zambiri kukapima zigongono za ana a pulayimale, masiku ano ndi makina a sikani, ndipo amapeza kuti ana pafupifupi 2 mwa 100 ali ndi vuto la fupa la mbali yakunja, ena asanayambe n'komwe kumva ululu.

Tibwere ku Tommy John. Limeneli ndi dzina la munthu, woponya wamanzere wa timu ya Los Angeles Dodgers, amene mtsempha wake unaduka mu 1974. Nthawi imeneyo kuduka kwa mtsempha umenewu kunali kutha kwa ntchito. Dokotala wa timuyo, Frank Jobe, anayesa chinthu chimene chinali chisanachitikepo kwa woponya: anachotsa mtsempha wina pa mkono wamanja, anaboola mafupa a chigongono chamanzere, n'kuulowetsa m'mabowomo ngati chingwe cha nsapato. Iye mwini anauza wodwalayo kuti mwayi wobwerera pa bwalo ndi umodzi mwa 100. John anakhala chaka chonse cha 1975 osasewera, anachitidwanso opaleshoni yachiwiri chifukwa mtsempha wa dzanzi unavulala, koma anabwerera mu 1976 n'kusewera mpaka 1989. Mwa magemu 288 amene anapambana, 164 anawapambana pambuyo pa opaleshoni. Ndi nkhani yokoma, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kwasocheretsa anthu.

Kholo limene linakuuzani lija silili lokha. Kafukufuku wa dokotala Christopher Ahmad ndi anzake, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti theka la osewera a sekondale amene anafunsidwa, makolo oposa mmodzi mwa atatu, ndi makochi pafupifupi 30 mwa 100 ankakhulupirira kuti opaleshoniyi iyenera kuchitidwa ngakhale kwa munthu wosavulala kuti aziponya bwino. Limeneli ndi bodza, ndipo ndi bodza loopsa. Chimene chimachitika n'chakuti mtsempha umayamba kuperepeseka pang'onopang'ono, liwiro limatsika kwa chaka kapena ziwiri munthu asanadziwe. Akachitidwa opaleshoni amapuma, kenako amakhala miyezi 12 mpaka 18 akulimbitsa phewa, msana, chiuno ndi miyendo tsiku ndi tsiku moyang'aniridwa. Akabwerera, anthu amamuyerekeza ndi mmene ankaponyera ali wovulala n'kunena kuti mpeni wamuwonjezera mphamvu. Chamuthandiza ndi kupuma ndi mafizo, zinthu zimene mwana wanu angazipeze osadulidwa. Pafupifupi mmodzi mwa asanu sabwereranso pa mlingo wake wakale, ndipo ena mtsempha watsopanowo umadukanso. Shohei Ohtani, katswiri wa ku Japan wosewera mu MLB amene mwana wanu ayenera kuti amamudziwa, anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2018 ndi inanso mu 2023. Chomvetsa chisoni n'chakuti kafukufuku wa 2015, wowerenga mabuku a inshuwalansi a zaka za 2007 mpaka 2011, anapeza kuti oposa theka la anthu ochitidwa opaleshoniyi ku America anali a zaka 15 mpaka 19. Kwa mwana wa zaka 13, amene fupa lake silinatseke, nthawi zambiri opaleshoni imeneyi si nkhani yake n'komwe.

Pali chinthu chimodzi chimene simunatchule koma ndikufuna mukafunse: kumaphunziro a m'holowo amamuyeza liwiro? Amamupatsa mipira yolemera kuposa wamba? Kuyambira pamene mabwalo a MLB anaikidwa makamera oyeza chilichonse, makamaka Statcast mu 2015, liwiro lasanduka ndalama. Mu 2008 mpira wothamanga mu ligi yaikulu unkayenda pafupifupi mamailosi 92 pa ola, pano wadutsa 94, ndipo lipoti la MLB lenilenilo la mu December 2024 linati kuthamangitsa liwiro ndi kuponya mpira uliwonse ndi mphamvu zonse ndi zimene zikutsogolera pa kuvulala kwa oponya. Mzimu umenewu watsikira kwa ana. Mu 2018 Mike Reinold ndi anzake anagawa achinyamata m'magulu awiri kwa masabata 6, ena akuphunzira ndi mipira yolemera, ena ndi mpira wamba. A mipira yolemera liwiro linakweradi, ndi pafupifupi 3 peresenti, koma pafupifupi mmodzi mwa anayi anadzavulala chigongono, pomwe gulu linalo sanavulale ngakhale mmodzi. Kafukufukuyo anali wa anthu ochepa, koma ine mwana wa zaka 13 sindingamulole kukhudza mipira imeneyo.

Mudzamvanso makolo akukangana za curveball, mpira wokhota. Kwa zaka zambiri unali woimbidwa mlandu, ndipo kafukufuku wa 2002 uja anauloza chala. Koma atayeza ndi makamera anapeza kuti mpira wokhota sukoka chigongono kuposa mpira wothamanga, ndipo pa ana 481 aja sanapeze umboni wougwira. Ine ndimauzabe ana kuti ayambe adziwa bwino mpira wowongoka, koma musataye nthawi pa mkangano umenewu mukusiya chiwerengero.

Tsopano zochita. Sabata ino mupite naye kwa dokotala wa ana kuti akutumizeni kwa wa mafupa kapena wa zamasewera, makamaka wozolowera ana. Adzakanikiza pa kafupa kaja, adzayesa ngati chigongono chikuwongoka mpaka kumapeto, adzaonanso phewa, chifukwa pamwamba pa mkono palinso fupa lanthete limene limavulala chimodzimodzi. Kawirikawiri amajambula X-ray ya mikono yonse iwiri kuti ayerekeze, popeza fupa lanthete limaoneka ngati mpata ngakhale pa mkono wabwino. Sikani ya MRI imabwera ngati akukayikira mtsempha kapena fupa la mbali yakunja. Musadikire tsiku la apointimenti ngati mwanayo anamva kuti thoo poponya, ngati chigongono chatupa kapena kusintha maonekedwe, ngati sichikuwongoka kapena chikumata pakati, ngati chala chaching'ono ndi choyandikana nacho zikuchita dzanzi, kapena ngati ululu ukumudzutsa usiku kapena thupi likutentha. Zimenezo ndi za tsiku lomwelo. Ululu wa mbali yakunja nawonso musauchepetse. Umenewo ndi umene umandiopsa kwambiri, chifukwa kachidutswa ka fupa kangathe kufa n'kusweka, ndipo chigongono chimenecho chimavuta moyo wonse.

Ngati ndi Little League elbow wamba, mankhwala ake ndi otopetsa koma otsika mtengo: masabata 4 mpaka 6 osaponya, nthawi zina mpaka miyezi itatu. Ngati kafupa kazuka n'kusuntha kwambiri, amakabwezeretsa ndi kanati, koma zimenezo si zofala. Nthawi yopumayo si yokhala pa sofa ndi foni. Ana ambiri amene ndimawapima amalephera kuima ndi mwendo umodzi n'kunjuta osagwedezeka, chiuno chili gwa, msana wofooka. Mphamvu yambiri ya kuponya imachokera m'miyendo ndi m'chiuno, ndipo zimenezi zikagona, chigongono ndi chimene chimalipira ngongole. Ndiye timalimbitsa kumeneko. Ululu ukatheratu, akakanikizidwa osamva kanthu, amayamba kuponya pang'onopang'ono pa mtunda waufupi, tsiku lina kupuma, mtunda n'kumawonjezeka, ndipo kukwera pa kachulu kamene woponya amaimapo mu gemu kumabwera komalizira. Ndinaonapo mnyamata wina wa zaka 14 amene anachira bwino pa masabata asanu, koma anabwezedwa pa bwalo sabata yachisanu ndi chimodzi chifukwa timu inafika mu fainolo. Anaponya magemu awiri kumapeto kwa sabata imodzi, ndipo anabwerera kwa ine kafupa katazuka. Gawo lovuta si kuchira, ndi sabata ija imene mwana akumva bwino n'kuyamba kukuchondererani. Chinanso: akabwerera asamachoke pa kachulu n'kukakhala catcher, wogwira mipira kumbuyo kwa womenya, chifukwa ameneyo amabweza mpira uliwonse ndipo mkono supuma.

Za sikolashipu ndilankhule monga mnzanu wa kumudzi, chifukwa ndikudziwa mmene fizi ya koleji kuno imatisowetsera tulo. Ziwerengero za NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, zimasonyeza kuti mwa anyamata osewera baseball ku sekondale, osafika 10 mwa 100 ndi amene amaseweranso m'makoleji ake. Kwa zaka zambiri timu ya Division I, gulu lapamwamba la makoleji, inkaloledwa masikolashipu 11.7 okha, ogawana anyamata ochuluka, ndiye ambiri ankalandira kachidutswa. Malamulowo anasintha mu 2025, koma si sukulu zonse zimene zili ndi ndalama zowonjezera, ndipo Division III, gulu lachitatu, sipereka sikolashipu ya masewera ngakhale pang'ono. Ndalama za timu yoyendayenda, mahotela ndi mafuta a zaka zisanu mukaziwonkhetsa, mungapeze kuti zikufanana ndi zimene mukuyembekeza kudzalandira. Sindikunena kuti asiye. Ngati amaukonda mpirawu, asewere, ndipo mwayi ulipo: Gift Ngoepe wa ku South Africa anafika mu MLB ndi timu ya Pittsburgh Pirates mu 2017. Koma palibe koleji imene imalemba mwana chifukwa cha chikho chimene anapambana ali ndi zaka 13. Amayang'ana wa zaka 16 ndi 17, ndipo chimene amafunsa koyamba ndi thanzi la mkono ndi magiredi a m'kalasi.

Kwa akochi, musapite ndi nkhondo. Ambiri ndi makolo ongodzipereka, ndipo amanena zimene anamva iwo ali ana. Auzeni kuti mwana ali m'manja mwa dokotala ndipo adzabwera ndi kalata. Akachira, musankhe timu imodzi yoti aziponyera. Gulani kakope, kapena lembani mu foni, tsiku ndi mipira imene waponya, kuphatikizapo ya kumaphunziro, chifukwa ndinu nokha amene mumaona mabwalo onse. Simukufunika kudziwa malamulo a baseball kuti muchite zimenezi. Muziyang'ananso zizindikiro za kutopa: mipira ikuyamba kukwera m'mwamba kapena kusochera, chigongono chikutsika poponya, akuchedwa pakati pa mpira ndi mpira, akugwedeza kapena kusisita mkono. Mukaona zimenezo, ngakhale ataponya 40 yokha, yakwana. Kochi amene angakwiye chifukwa mayi akuwerenga mipira ya mwana wake, ameneyo wakuuzani yekha kuti timu yoti musiye ndi iti.

Mwanayo mukhale naye pansi usiku uno, bambo ake ali pomwepo, ndipo bambowo ndi amene anene kuti kupuma si mantha, chifukwa kuseka kwawo kuja mwana anakumva. Mufunseni kuti ululu unayamba liti kwenikweni, wamwa mapilisi angati, ndiponso ngati phewa nalonso likuwawa. Mayankho ake muwalembe n'kupita nawo kwa dokotala. Kumpikisanoko apite ndithu, avale yunifolomu, akhale pa benchi ndi anzake, ndipo ngati n'kotheka akochi amupatse ntchito yowerenga mipira ya amene aponye m'malo mwake. Mudzandilemberenso mukamva zotsatira za X-ray.